Tisanagule Kachipangizo Kowerengera Mabuku

Mu December 2015 moto udapsereza laibulale ya pa Yunivesite ya Mzuzu ku Luwinga, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 adasanduka phulusa. Ngoziyi idatikumbutsa kuti mabuku ndi chuma chosachedwa kutayika. Lero ena a ife tikulingalira zogula e-reader, kachipangizo konga Kindle kapena Kobo, kamene kamasunga mabuku zikwizikwi. Nanga tisankhe motani?

Poyamba tiyang'ane sikirini. Ya mtundu wa E Ink siithobwa m'maso ngati ya foni, ndipo imawerengeka ngakhale padzuwa. Yokhala ndi madontho 300 pa inchi imaonetsa zilembo bwino lomwe, pomwe yokhala ndi nyali yakeyake imatithandiza magetsi akazima.

Chachiwiri ndi kagwiridwe kake ka ntchito. Batire lake limatha milungu ingapo, chinthu chothandiza akatekisiti opita kumidzi kopanda magetsi. Komabe mafayilo a PDF amatseguka mochedwa, ndipo zilembo zake zimachepa pa sikirini ya mainchesi 6. Mafayilo a EPUB ndiwo amalola kukulitsa zilembo.

Chachitatu ndi chinsinsi chathu. Kachipangizoka kakalumikizidwa ku intaneti, kampani imatha kudziwa buku limene tikuwerenga, tsamba limene tafika ndi mawu amene tadula mzere kunsi. Mu 2009 kampani ya Amazon idafufuta buku la George Orwell lotchedwa 1984 m'ma Kindle a anthu amene adali ataligula kale.

Choncho tisanapereke ndalama tifunse ngati kachipangizoko kamalola kulowetsa mabuku ndi chingwe kuchokera pa kompyuta. Tikalowetsa tizimitse Wi-Fi, ndipo mabuku omwewo tiwasungenso pamalo ena padera.