Zoti mubzale pafupi ndi rozi kuti apirire dzuwa la Okutobala

Mwezi wa Okutobala ukafika, makomo ambiri m'maboma a Tsangano ndi Macanga amakhala ndi dandaulo limodzi. Rozi amene anabzalidwa mvula ikugwa, nakula bwino mpaka Epulo, amayamba kuchita chikasu, masamba n'kuyoyoka, maluwa n'kupsa asanamasule. Mwini wake amaloza dzuwa, kapena amati anagula mbande yoipa. Koma kawirikawiri vuto limachokera ku zomera zimene zili pafupi naye. Zina zimamulanda madzi, zina zimamupatsira tizilombo, ndipo tizilombo tomweto tikachulukana pakhomo timakafika mpaka kudimba la tomato kumene banja limapezako ndalama.

Nkhani yathu lero ikufotokoza mmene mungasankhire marozi okhalira limodzi, zomera zowathandiza, ndi zimene ziyenera kukhala patali.

Yambani ndi malo amene muli

Maboma awiriwa alibe nyengo imodzi. Kumtunda, monga ku Tsangano-Sede, ku Ntengo-wa-Mbalame ndi ku Furancungo, malo ali pamwamba kuposa mamita 1,000. Usiku kumazizira, m'Juni ndi Julaye chisanu chimagwa, ndipo mvula ya Januwale ndi Febuluwale imabwera ndi nkhungu. Kumeneko mdani wamkulu wa rozi ndi matenda a masamba. Mukamatsika kulowera ku Chiúta ndi ku Moatize, kutentha kumakwera, ndipo mumzinda wa Tete kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Kumeneko mdani ndi dzuwa la masana, kuuma kwa dothi ndi kangaude wofiira.

Rozi amafuna dzuwa la maola pafupifupi 6 patsiku. Kumtunda mungamubzale poyera. Kumalo otentha mubzaleni kum'mawa kwa nyumba kapena kwa mpanda, kuti alandire dzuwa la m'mawa, ndipo likapendeka mthunzi umufikire. Musamuyandikitse kwambiri kukhoma la njerwa kapena la malata loyang'ana kumadzulo, chifukwa limasunga kutentha mpaka usiku.

Marozi okhalira limodzi

Lamulo loyamba ndi ili: yang'anani rozi amene wakhala zaka zambiri m'dera lanu popanda mankhwala, kaya pakhomo pa mnansi, patchalitchi kapena pasukulu. Ameneyo wayesedwa kale ndi dothi ndi dzuwa lanu lomwelo. Pemphani kanthambi kake pa nthawi yodulira, konenepa ngati pensulo, kotalika masentimita 20, mukazike m'dothi la mchenga pamthunzi ndi kumathirira.

Mitundu yakale yochokera ku China, imene inafika ku Ulaya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndiyo inabweretsa khalidwe lochita maluwa mobwerezabwereza, ndipo imapirira kutentha. Mudzaizindikira ndi nthambi zing'onozing'ono zambiri, masamba aang'ono ndi maluwa opepuka. Rozi woyera wotchedwa Iceberg, amene anatulutsidwa ndi Reimer Kordes ku Germany m'chaka cha 1958, wafala kwambiri kum'mwera kwa Africa kuno chifukwa amachita maluwa ambiri pamphukira imodzi ndipo savuta kusamala.

Mtundu wa duwa nawonso uli ndi ntchito. Maluwa ofiira kwambiri, opita kukuda, amayamwa kutentha ndipo m'mphepete mwake mumapsa msanga. Kumalo otentha aikeni pamene mthunzi wa masana umafika poyamba, oyera ndi ofiirira pang'ono muwaike kunja. Kumtunda samalani ndi mitundu ya maluwa akuluakulu othithikana, chifukwa mvula ikamagwa masiku otsatizana amavunda asanamasule.

Ikani pamodzi marozi ofanana mphamvu. Woyanga, amene amaponya nthambi za mamita awiri kapena atatu, akhale kumpanda payekha. Akakhala pakati pa aafupi amawaphimba n'kuwalanda chakudya. Aatali akhale kumadzulo, aafupi kum'mawa, ndipo pakati pa rozi ndi mnzake pakhale masentimita 80 mpaka mita imodzi kuti mphepo izidutsa.

Zomera zimene zimamuthandiza

Mnzake wabwino wa rozi ndi chomera chimene mizu yake silimbana ndi ya rozi, chimaphimba dothi, kapena chimaitana tizilombo todya tinzake.

Adyo ndi anyezi. Mizu yake ndi yaifupi, masamba ndi owonda, choncho satchinga mphepo. Zibzaleni mozungulira, masentimita 30 mpaka 40 kuchokera patsinde la rozi. Madzi omwe mukuthirira rozi akukulitsiraninso zokometsera ndiwo. Anthu ambiri amati fungo lake limathamangitsa nsabwe za m'masamba. Fungo lokha silizimaliza, choncho muziyang'anabe nsonga za mphukira ndi kufinya nsabwezo ndi zala zikadali zochepa.

Koentro, karoti ndi mpungabwe. Siyani mapesi angapo achite maluwa. Timaluwa take ting'onoting'ono timaitana ntchentche zooneka ngati njuchi, zimene mphutsi zake zimadya nsabwe, komanso kachilombo kofiira ka mawanga akuda kamene m'Chipwitikizi timati joaninha. Mukakaona pa rozi musakaphe, ndi mlonda wanu. Mukapopera mankhwala a fodya kapena a kabichi pamaluwa, alonda amenewa ndiwo amayamba kufa, nsabwe n'kubwerera zochuluka kuposa kale.

Onze-horas. Kaduwa koyala pansi aka, ka masamba onenepa, kamamasula dzuwa likakwera. Kamapirira chilala, mizu yake ndi yapamwamba, ndipo kamateteza dothi kuti lisatenthe. Kumalo otsika ndi mnzake woyenera kwambiri. Kokha musalole kuti kafike patsinde penipeni.

Balakate ndi vetiva. Udzu wa balakate, umene timaphikira tiyi, ndi wa vetiva, umene alimi amatchingira nawo kukokoloka kwa nthaka, zimachita bwino ngati mzere wa m'malire. Zimachepetsa mphepo yotentha ndi fumbi, ndipo masamba ake mukadula ndi ophimbira dothi. Mizu ya vetiva imalowa pansi molunjika m'malo moyanga m'mbali. Zikhale mita imodzi kapena kuposerapo kuchokera ku rozi.

Marigodi, amene ena amawadziwa ndi dzina lakuti cravo-de-defunto, amafunika kuwamvetsa bwino. Alimi a fodya a ku Macanga ndi a tomato a ku Tsangano akudziwa tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu n'kuichititsa timfundo. Mizu ya marigodi imatulutsa mankhwala amene amachepetsa tinyongolotsi timeneti. Koma kuti zitheke, muyenera kuwabzala mothithikana pamalo onsewo kwa miyezi iwiri kapena itatu musanabzale rozi, kenako n'kuwakwirira. Mapesi awiri kapena atatu obzalidwa pambali pa rozi wodwala kale samuchiritsa. Komanso nyengo yotentha marigodi amakoka kangaude wofiira. Choncho kumalo otsika abzaleni nthawi ya mvula, ndipo muwazule Seputembala asanafike.

Zoyenera kukhala patali

Mapichesi ndi maapozi. Izi zikukhudza makamaka alimi a kumtunda kwa Tsangano, kumene zipatsozi zimachita bwino. Mitengo imeneyi ndi banja limodzi ndi rozi, ndipo pachibale matenda sachedwa kuyenda. Nthenda ya ufa woyera pamasamba ndi pamphukira, yotchedwa oídio, imene imagwira rozi ndi yomweyo imagwira mapichesi. Rozi wodwala pansi pa mtengo wa pichesi angakuwonongereni zipatso zogulitsa. Musabzalenso rozi padzenje pamene mwazula pichesi, apozi kapena rozi wina wakale. Sinthani malo, kapena chotsani dothilo mubweretse lina.

Tomato, mbatata ya kachewere ndi fodya. Mbewu zitatuzi, zimene zimadyetsa mabanja ambiri kuno, zimasiya tinyongolotsi totupitsa mizu m'dothi. Dothi lochokera panazale ya fodya kapena m'dimba la tomato lisalowe m'dzenje la rozi ngakhale likuoneka lachonde. Kangaude wofiira nayenso amasamuka pakati pa rozi, tomato ndi nyemba, pamphepo ndi pazovala. Ngati rozi wa pakhomo ali ndi timadontho tachikasu pamwamba pa masamba ndi ulusi pansi pake, musachoke pamenepo n'kulunjika kudimba musanasambe m'manja ndi kusintha malaya.

Bulugama, mango ndi nthochi. Mizu ya bulugama imayenda mtunda wautali kufunafuna madzi, ndipo ndowa iliyonse imene mwathira pa rozi imathera kwa iye. Mango amachita mthunzi wa tsiku lonse. Nthochi zimamwa madzi ambiri ndi kudya manyowa onse. Siyani mamita osachepera asanu, ndipo kwa bulugama onjezerani.

Maungu, mbatata ya kholowa ndi kapinga. Zimayanga mofulumira, n'kukwera rozi kapena kumupanikiza mizu. Kapinga achotsedwe theka la mita kuzungulira tsinde.

Lantana, chitsamba cha timinga ndi timaluwa tamitundumitundu, ena amachikonda ngati mpanda chifukwa sichifa ndi dzuwa. Chimafalikira m'minda ndi m'malo odyetsera ziweto kudzera mu mbalame, ndipo masamba ake ndi poizoni kwa ng'ombe. M'dera la ng'ombe zambiri ngati lathu, chisabzalidwe.

Kabzalidwe ndi madzi

Kumbani dzenje la masentimita 50 kuya ndi 50 m'lifupi, musakanize dothi la pamwamba ndi ndowa imodzi ya manyowa owolerana bwino. Manyowa aawisi amawotcha mizu ndi kuitana chiswe. Ngati rozi ndi womezanitsa, mphukira iliyonse yotuluka pansi pa mfundo yomezanitsira ichotsedwe, monga mmene mumachitira ndi mango kapena pichesi womezanitsa. Mukaisiya imakula mwamphamvu n'kupha mtundu umene munagula.

Phimbirani dothi ndi udzu wouma kapena makoko a nyemba, masentimita 5 mpaka 10, koma siyani mpata wa chikhatho kuzungulira tsinde chifukwa cha chiswe. M'miyezi yotentha, kuthira malita 10 mpaka 20 kawiri pa sabata kuli bwino kuposa kuwaza pang'ono tsiku lililonse. Madzi ochepa amanyowetsa pamwamba pokha, mizu n'kukwera kuwatsata, ndipo dzuwa limaipeza pomwepo. Ngati chitsime chanu chimaphwa m'Okutobala, werengani zigubu musanabzale. Marozi atatu osamalidwa amachita maluwa ambiri kuposa khumi a ludzu.

Thirirani m'mawa, pansi patsinde. Nthenda ya madontho akuda, imene imayoyola masamba nthawi ya mvula, imafuna tsamba lonyowa kwa maola angapo kuti ilowe, ndipo imafalikira madzi akamathovukira kuchokera pamasamba ogwa. Tolani masambawo muwatenthe. Pa kangaude wofiira ndi pokha pamene mungatsuke pansi pa masamba ndi madzi, m'mawa wa tsiku lotentha kuti aume msanga. Kudulira kwakukulu kuchitike kumapeto kwa Julaye kapena kumayambiriro kwa Ogasiti, chisanu chikamatha.

Mbande zogula ndi za kutsidya

Kuno timagula ndi kugulitsa mbali zonse za malire, ku Biriwiri, ku Lizulu ndi m'misika ina. Kulikonse kumene mwapeza mbande, tembenuzani tsamba muone pansi pake, ndipo pemphani kuona mizu. Ya timfundo kapena ya chotupa pamene tsinde likumana ndi mizu, isiyeni ngakhale itsike mtengo. Kumbukiraninso kuti malamulo a Mozambique ndi a Malawi amafuna chikalata cha zaumoyo wa zomera pa mbande zowoloka malire. Chifukwa chake n'chakuti dothi la m'kathumba kamodzi lingabweretse matenda m'munda mwanu kwa zaka.

Mbande yatsopano muiike payokha kwa masabata awiri musanaiphatikize ndi zinzake. Mukaona chizindikiro chimene simukuchidziwa, tengani tsamba kapena muzu m'pepala lomanga bwino mukaonetse alangizi a zaulimi a m'dera lanu, kapena ku ofesi ya SDAE ya boma lanu ku Tsangano kapena ku Furancungo.