Alimi a mphesa ku South Africa amakolola kawiri

Kuno kwathu mlendo akaima m'mbali mwa munda n'kumayang'anitsitsa, mwini munda amayamba kuganiza zoti chimanga chake chili pa ngozi. Koma kwa alimi a mphesa a m'chigawo cha Western Cape ku South Africa, mlendo woima m'munda ndi ndalama.

Chaka ndi chaka makampani oyendetsa alendo amatenga anthu ochokera ku Britain, Germany, America ndi maiko ena pa maulendo a masiku angapo, ali ndi wowatsogolera amene amawafotokozera zonse zimene akuona. Ulendo umayambira mumzinda wa Cape Town. Alendo amakwera boti kupita pa chilumba cha Robben, pomwe Nelson Mandela anakhala m'ndende zaka 18 kuyambira mu 1964 mpaka 1982. Amatsata gombe la nyanja ya mchere kufika ku Hermanus kukaona anamgumi. Ena amalowera kumpoto, ku chipululu cha Kalahari, kapena ku Namaqualand komwe dziko louma limachita maluwa m'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala. Koma ndi maulendo ochepa amene amatha osadzera m'minda ya mphesa ya ku Stellenbosch, Paarl ndi Franschhoek.

Ulimi wa mphesa kumeneko ndi wakale. Vinyo woyamba anafinyidwa mu 1659 m'nthawi ya Jan van Riebeeck, ndipo munda wotchuka wa Constantia unatsegulidwa mu 1685. Komabe kwa zaka mazana atatu alimi ambiri ankangolima ndi kugulitsa kwa amalonda. Zinthu zinasintha mu 1971 pamene alimi atatu a ku Stellenbosch, a Frans Malan, a Niel Joubert ndi a Spatz Sperling, anagwirizana zotsegula minda yawo kuti alendo azifika, kulawa vinyo ndi kugula pompo. Anaika zikwangwani m'misewu zolozera ku minda yawo. Lero minda yolandira alendo m'deralo njosachita kuwerenga ndi zala.

Phindu lake limabwera motere. Mlendo amalipira kuti alawe vinyo, amagula mabotolo kwa mlimi mwini popanda wina wodyerapo pakati, amadya chakudya chophikidwa pa famupo, ndipo ena amagona konko. Mphesa zimakololedwa kamodzi pa chaka, pakati pa Januwale ndi Malichi, koma alendo amabwera chaka chonse.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Alimiwa anaziona zimenezi ndi maso. Chilala cha mu 2015 mpaka 2018 chinaphwetsa madamu mwakuti mzinda wa Cape Town unatsala pang'ono kutseka mipopi, ndipo alimi anachepetseredwa madzi othirira. Mu 2020, chifukwa cha mliri wa Covid-19, boma linatseka zipata za dziko ndi kuletsa kugulitsa mowa kangapo konse. Mabasi a alendo anasowa, ndipo mafamu amene ankadalira kwambiri alendowo anavutika zedi.

Palinso mbali ina imene alendo saionetsetsa. Amene amatengulira ndi kuthyola mphesa ndi antchito a malipiro otsika, ndipo pakati pawo pali abale athu ochokera kuno ku Malawi ndi ku Zimbabwe. Kale eni minda ena ankalipira antchito ndi vinyo m'malo mwa ndalama, mchitidwe umene unasiya uchidakwa m'mabanja ambiri. Mu 2012 antchito a m'minda ya ku De Doorns ananyanyala ntchito, ndipo mu 2013 boma linakweza malipiro otsikitsitsa a pa tsiku kuchoka pa R69 kufika pa R105.

Nanga ife tiphunzirepo chiyani? Mphesa zambiri tilibe, koma tili ndi tiyi, khofi, uchi, mpunga wa kilombero ndi nyanja imene alendo amaifuna kale. Esiteti ya Satemwa ku Thyolo, imene inayamba mu 1923, imalandira alendo odzaona minda ndi kulawa tiyi. Mlimi wamng'ono payekha sangakope basi ya alendo, monganso alimi atatu aja sanayambe aliyense payekha. Kalabu kapena kopaletivu yomwe ili pafupi ndi msewu wopita kunyanja kapena ku phiri la Mulanje ingathe kukonza malo aukhondo, kuika chikwangwani, kusankha wachinyamata wodziwa Chingerezi kuti azifotokoza za ulimi wawo, ndi kukambirana ndi oyendetsa alendo za mtengo mlendo asanafike.

Koma khasu lisaikidwe pansi. Mlendo amalipira chifukwa wapeza munda wosamalika, ndipo chaka chimene iye sadzabwera, banja lidzadya za m'nkhokwe.