Kununkhira ngati bwana popanda kugulitsa mbuzi

Botolo la 100 ml la Creed Aventus limagulitsidwa madola oposa 400 m'masitolo a ku America. Ngakhale mutawerengera pa mtengo wa kubanki, imeneyo ndi ndalama yoposa K600,000, musanaikepo msonkho, thiransipoti ndi phindu la wokubweretserani. Kwa ambiri a ife, amenewo ndi malipiro a miyezi ingapo, lendi ndi ufa zili momwemo.

Koma tsegulani TikTok kapena Instagram usiku uno. Mupeza anyamata atanyamula botolo lomwelo, akukuuzani kuti popanda ilo simunayambe kutchena. Enanso pa sitetasi ya WhatsApp akulitsatsa pa mtengo wa nsapato za pakaunjika, ati "orijino, yangofika kumene." Pakati pa awiriwa pali mnyamata amene akungofuna kununkhira bwino ku intavyu, kutchalitchi kapena ku ukwati wa mnzake. Nkhani yangayi ndikulembera iyeyo.

Ine perefyumu ndimamukonda, ndipo sindichita nazo manyazi. Chomwe ndimakana n'chakuti munthu agone ndi njala kapena alowe ngongole ya katapira chifukwa cha fungo. Njira zotsika mtengo zilipo, zovomerezeka ndithu, bola kudziwa chimene ukugula.

N'chifukwa chiyani Aventus amadula chonchi?

Aventus anatuluka mu 2010 ndipo anasintha msika wa perefyumu wa amuna. Ukangopopera umamva nanazi, apozi ndi bergamot, chipatso cha mtundu wa malalanje chomwe chimalimidwa kwambiri kummwera kwa Italy. Pakapita nthawi pamabwera kafungo ka utsi kochokera ku mtengo wa birch, kenako musk ndi patchouli zomwe zimatsalira pakhungu. Chipatso ndi utsi pamodzi, ndicho chinakopa anthu.

Koma musaganize kuti madola 400 onsewo ali m'madzi a m'botolomo. Mumalipira dzina, botolo, katoni, otsatsa malonda, lendi ya sitolo za ku Paris ndi ku London, komanso phindu la aliyense amene wagwirapo. Dzina lokhalo ndi chuma: mu 2023 kampani ya Kering, eni ake a Gucci, inagula Creed, ndipo malipoti anati inalipira pafupifupi mayuro 3.5 biliyoni.

Kwathu kuno pali mtolo wina pamwamba pake. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Perefyumu aliyense wochokera kunja amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndiye mtengo wake umathamanga kuposa malipiro athu.

Wofanana ndi wina, feki ndi wina

Apa ndi pamene ambiri amasokoneza. Pali zinthu ziwiri zosiyana kotheratu.

Choyamba ndi perefyumu wofanana fungo, amene pa intaneti amamutcha dupe kapena clone. Uyu ali ndi dzina lakelake, botolo lakelake, ndipo kampani yomupanga imadziwika. Sakunamizani kuti ndi Creed. Akungonena kuti: ndinunkhizeni, ndikukumbutsani winawake.

Chachiwiri ndi feki. Uyu waba dzina, waba botolo, waba katoni. Amene anamupanga sadziwika, ndipo zomwe zili mkatimo sizidziwikanso. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Kampani yeniyeni imatsatira malire a mankhwala omwe angakhudze khungu la munthu, pomwe wopanga feki alibe womufunsa. Ukatuluka zidzolo m'khosi kapena mutu ukayamba kuwawa, ukadandaula kwa ndani?

Mwina mukufunsa kuti zimatheka bwanji kutengera fungo la eni ake osamangidwa. Pali makina a mu labu otchedwa GC-MS omwe amalekanitsa madzi a perefyumu n'kuonetsa mankhwala omwe alimo ndi kuchuluka kwake. Katswiri wa mafungo amatenga zotsatirazo, n'kumalizitsa ndi mphuno yake. Komanso zopangira zambiri si chinsinsi. Ambroxan, amene amalowa m'malo mwa ambergris wochokera kwa namgumi, ndi Iso E Super, wa fungo la matabwa, amagulidwa ndi aliyense. Makampani ochepa akuluakulu monga Givaudan, IFF ndi Symrise ndi amene amapangira mafungo mayina ambiri odziwika, odula ndi otchipa omwe.

Lamulo nalo limateteza kwambiri dzina ndi maonekedwe a botolo kuposa fungo. Mu 2006 khoti lalikulu la ku France linagamula kuti fungo la perefyumu silitetezedwa ngati mmene limatetezedwera buku kapena nyimbo, ngakhale kuti chaka chomwecho khoti la ku Netherlands linaona mosiyana pa mlandu wa Lancôme. N'chifukwa chake ma clone amagulitsidwa poyera, pomwe feki ndi mlandu.

Mayina oti muyambirepo

Ambiri mwa ma perefyumu otchipa abwino masiku ano akuchokera ku United Arab Emirates: Armaf, Lattafa, Afnan, Rasasi ndi Al Haramain. Ndi omwewa amene ageni athu amabwera nawo kuchokera ku Dubai, Dar es Salaam ndi Johannesburg.

Ngati mtima wanu uli pa Aventus, woyamba kumuyesa ndi Armaf Club de Nuit Intense Man, wa botolo lakuda, amene anatuluka mu 2015. Kunja amapezeka pansi pa madola 50. Ndikuuzeni zoona zake: mphindi zoyambirira ndi waukali, mandimu ake amabaya m'mphuno. Mupatseni theka la ola. Akakhazikika, utsi uja ndi musk zimatuluka, ndipo munthu wokudutsani panjira sangasiyanitse msanga. Amakhalitsanso pa malaya.

Al Haramain L'Aventure ali m'banja lomwelo, koma amapendekera ku mandimu ndipo utsi wake ndi wochepa. Montblanc Explorer wa mu 2019 amadulirapo kuposa awiriwa, koma akadali kutali kwambiri ndi mtengo wa Creed. Iyeyu ndi wofatsa kuyambira pachiyambi, alibe ukali, ndipo kwa ine ndi amene amayenera muofesi momwe mumakhala anthu anayi m'kachipinda kamodzi.

Si onse amafuna Aventus. Okonda Dior Sauvage Elixir amathamangira Lattafa Asad, wa tsabola, fodya ndi vanila. Okonda fungo lotsekemera la Jean Paul Gaultier Ultra Male amapeza mpumulo mwa Afnan 9pm. Ofuna kafungo kopepuka konga ka madzi ndi zipatso amayesa Rasasi Hawas.

Kodi amafanana ndendende? Ayi, ndipo wokuuzani kuti ndi chimodzimodzi akufuna ndalama yanu. Wodula nthawi zambiri amakhala wosalala, mafungo ake amalowana mwaulemu. Wotchipa amatha kuyamba mwaphokoso. Koma kumbukirani kuti ngakhale okonda Aventus weniweni amakangana okhaokha pa intaneti, ati botolo la chaka china linali ndi nanazi wambiri, la chaka china utsi wambiri. Ngati eni ake sagwirizana za fungo lenileni, inu mudzivutitsiranji?

Nyengo yathu ili ndi mawu ake

Amene amajambula mavidiyo ambiri mwa awa amakhala kumaiko ozizira. Ife tili ndi October wathu. Kutentha kumakweza fungo, ndiye perefyumu wolemera ndi wotsekemera ngati Asad kapena 9pm, masana a ku Nsanje, Chikwawa kapena Salima, amasanduka chilango kwa amene mwakhala nawo mpando umodzi m'minibasi. Amenewo asungireni madzulo, kapena June ndi July pamene Dedza ndi Mzuzu zikuzizira. Masana otentha amafuna wa mandimu ndi zipatso zopepuka.

Onaninso zolembedwa pabotolo. Eau de toilette amakhala ndi mafuta onunkhira apakati pa 5 ndi 15 peresenti, eau de parfum pakati pa 15 ndi 20, ndipo parfum kapena extrait amaposa pamenepo. Wamafuta ambiri amakonda kukhalitsa, koma sikuti ndiye wabwino nthawi zonse. Pa dzuwa lathu, wopepuka amakhala ndi ulemu.

Pogula, mphuno itsogole

Osagula chifukwa cha vidiyo. Khungu la munthu aliyense limalandira fungo mosiyana, ndipo wonunkhira bwino pa mnzanu akhoza kukukanani inu. Pemphani kupopera pamkono, osati pakapepala pokha, kenako tulukani musitolo mukachite zina. Kuona maso a nkhono n'kudekha: fungo lomwe mudzakhale nalo tsiku lonse ndi lomwe latsala pakatha maola awiri kapena atatu, osati la mphindi yoyamba.

Ngati botolo lathunthu lakukulirani, gulani ka 5 ml kapena 10 ml kothiridwa kuchokera m'botolo lalikulu, komwe amati decant. Kupopera kamodzi kumatulutsa pafupifupi 0.1 ml, ndiye ka 10 ml kali ndi mapopedwe pafupifupi 100. Katatu patsiku, mwezi wathunthu wakwana. Njira imeneyi ndi yomwenso ingakulawitseni Aventus weniweni ngati mukufunitsitsa kumudziwa, bola wogulitsayo akuonetseni botolo lomwe akuthiramo. Kapena sonkhanani anyamata atatu, mugule botolo limodzi la Armaf n'kugawana. Chipereganyu si cha amayi okha.

Chenjerani ndi ichi: ma perefyumu otchipawa atatchuka, nawonso ayamba kupangiridwa feki. Inde, pali feki wa clone. Choncho yang'anani nambala ya batchi yomwe imakhala pansi pa botolo, ifanane ndi ya pakatoni. Werengani zilembo, chifukwa akuba amalakwitsa sipelo. Chivindikiro chikhale chogwira bwino, popopera pasadonthe, ndipo madziwo asakhale ndi zinyalala zoyandama. Mtengo nawo umalankhula. Wina akakuuzani kuti ali ndi Creed watsopano pa mtengo wa jinzi, musatsutsane naye, ingopitani.

Za pa WhatsApp ndi Facebook, lamulo langa ndi limodzi: sinditumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu amene sindikumudziwa katundu ndisanamugwire. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Funsani anzanu amene anagulako kwa iyeyo, kumanani pamalo poonekera, ndipo musitolo pemphani lisiti. Wogulitsa wachilungamo sakwiya ukafunsa mafunso.

Nanga timafuta topaka tija, togulitsidwa m'misika ndi m'timashopu, tolembedwa mayina a ma perefyumu otchuka? Tina ndi tabwino ndithu, ndipo popeza mulibe spiriti timakhala pafupi ndi khungu, osafalikira chipinda chonse. Vuto ndi lakuti nthawi zambiri sudziwa kuti tasakanizidwa ndi chiyani. Pakani kadontho mkati mwa mkono, dikirani tsiku limodzi. Pakayabwa kapena kufiira, tasiyeni.

Botolo likhalitse

Mukagula, lisamaleni. Adani a perefyumu ndi dzuwa ndi kutentha. Pawindo ayi, m'galimoto ayi, kubafa ayi. Libwezereni m'katoni yake, muliike m'kabati. Ndipo magetsi akazima, musapopere pafupi ndi kandulo, chifukwa muli spiriti ndipo amayaka.

Poperani mukangosamba, khungu litauma. Khungu louma kwambiri limameza fungo msanga, ndiye yambani mwapaka mafuta osanunkhira. Kawiri kapena katatu, m'khosi ndi pachifuwa, basi. Pakatha ola mwina simudzimvanso nokha. Sikuti wauluka, mphuno yanu yangozolowera. Apa ndi pamene anyamata ambiri amawonjezera kasanu, n'kukalowa m'kalasi anthu akutsegula mawindo. Funsani mnzanu kaye musanawonjezere.

Ndipo tinene mosabisa, amwene: perefyumu si sopo. Ngakhale wa madola 400 sangagonjetse malaya a dzulo ndi m'khwapa mosasamba. Thukuta ndi nanazi zikakumana, zotsatira zake sizikhala bwino. Sopo, dewodoranti ndi malaya ochapa ndizo maziko, perefyumu ndi denga chabe.

Akakufunsani, nenani zoona

Pali kamanyazi kena komwe ndimakaona. Munthu wapopera Club de Nuit, wina n'kumuyamikira, iye n'kuyankha kuti ndi Creed. Chifukwa chiyani? Woyamikirayo wakonda zomwe wamva, sanafunse lisiti. Mukanama, mwadziika nokha pa mpikisano womwe thumba lanu silingaukwanitse, ndipo mwamuuzanso mnzanuyo kuti kununkhira bwino n'kwa olemera okha. Mutchuleni dzina lenileni, mumuuzenso komwe munagula.

Ngati tsiku lina zinthu zidzayenda ndipo mudzafuna Aventus weniweni, dzagulani ndi mtima woyera, ndalama ndi yanu. Koma pakadali pano, lendi ilipiridwe, bando ya intaneti igulidwe, kunyumba kutumizidwe kangachepe. Zotsalazo n'zokwanira kabotolo kamodzi kabwino, kosankhidwa ndi mphuno yanu, osati ndi mnyamata wa pa TikTok amene botolo lakelo mwina anachita kupatsidwa ulere.