Injini ya Bwato Imene Idamwa Mcere

Inu alimi amene muli ndi abale ku Ndeke, kaya Ndeke wa ku Kitwe kufupi ndi mtsinje wa Kafue, kaya Ndeke wa ku Ndola, mudziwa za munthu amene agwira nchito ya migodi zaka zambiri, ndipo pakupuma nchito afuna cinthu codzamdyetsa iye ndi ana ace. Ena amagula ng'ombe zolimira, ena cigayo. Koma ena amayang'ana nsomba zimene zimadzaza msika wa Chisokone ku Kitwe ndi wa Masala ku Ndola, nsomba zocokera ku Mweru, ku Bangweulu, ku Mpulungu ndi ku Kariba, nati mumtima, "Ine ndigula injini ya bwato." Ndipo kawirikawiri atumiza mau kumudzi kuti inunso muponyepo ndalama za cimanga kapena za mtedza, kuti injiniyo ikhale ya banja lonse.

Ganizo limeneli si loipa ai. Koma injini yatsopano iri ndi mtengo wolimba, tsono ambiri amagula yogwirapo kale nchito. Zina mwa injini zotere zimacokera ku madooko a nyanja ya mcere, monga Dar es Salaam, Beira ndi Nacala. Za ku Dar es Salaam zimalowa pa Nakonde pa galimoto, kapena pa njanji ya TAZARA imene idamalizidwa mu 1975 nifika ku Kapiri Mposhi. Wogulitsa aipaka utoto, niwala ngati yatsopano. Mcere umene idamwa uli m'kati, kumene utoto sufika.

Mcere ucita ciani?

Lita imodzi ya madzi a nyanja yaikulu iri ndi magalamu 35 a mcere, ndiwo ngati masupuni awiri akulu. Injini ya bwato imadziziziritsa ndi madzi omwewo amene bwato liyandamapo. Imawakoka pa timazenera tiri pa mwendo wace, niwakweza m'tinjira topapatiza tozungulira silinda, niwaturutsanso kunja. Mukaizimitsa iri yotentha, madzi otsala m'tinjiramo aphwa, koma mcere utsala, monga utsalira mu mphika wa amai ophika mcere. Lero pang'ono, mawa pang'ono, kufikira tinjira tija titatsekeka.

Coipa caciwiri ncobisika koposa. Thupi la injini ndi la aluminiyamu, koma mabauti ndi mtanda wozunguza pulopera ndi za citsulo cina. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana m'madzi a mcere zimacita ngati batire ya toci: pamayenda magetsi ofooka amene simungawamve ndi dzanja, ndipo magetsiwo amadya aluminiyamu. Cizindikiro cace ndi ufa woyera m'mbali mwa mabauti, ndi utoto wotupa matuza.

Musati zimenezi nza ku gombe la Indian Ocean kokha. Nyanja ya Chilwa ku Malawi iribe mtsinje woturutsa madzi ace, cotero madzi ace ngamcere pang'ono, ndipo mcerewo umakula pamene nyanja iphwa, monga idaphwera mu 1968 ndi mu 1995. Injini zonyamula anthu pakati pa Kachulu ndi cilumba ca Chisi zimamwa madzi otere tsiku ndi tsiku. Ndipo kufupi ndi Mweru Wantipa, dziko la Kaputa lidachuka ndi mcere kuyambira kale.

Opanga injini adaikapo mlonda wa bvuto limeneli. Pa mwendo wa injini, pamwamba pa pulopera, mudzaona kacitsulo kotuwa kopanda utoto, kochedwa anode. Nchito yace ndi kudyedwa m'malo mwa injini. Kakatha kufika pa theka, gulani kena. Musakapake utoto kapena girizi, pakuti mukatero mwamanga mlonda manja. Dziwaninso kuti tizitsuloti tiri mitundu itatu. Ka zinki nka m'madzi a mcere. M'madzi abwino monga a Bangweulu kamakutidwa ndi cikungwa coyera nikaleka nchito. Ka maginiziyamu nka m'madzi abwino okha, ndipo mu mcere kamatha msanga. Ka aluminiyamu kamagwira mu mcere ndi m'madzi a mcere pang'ono monga a Chilwa. Tsono injini yocokera ku Beira imene ikagwira nchito ku Samfya ifuna kusinthidwa mlonda wace.

Ikakana kulira

Apa mpamene ndalama zambiri zimatayika pacabe. Munthu akoka cingwe kakhumi, injini iri cete, ndipo pomwepo atenga sipanala nayamba kumasula kabuleta pa mcenga. Pofika madzulo tizitsulo tiwiri tasowa, ndipo bvuto linali laling'ono lasanduka lalikulu. Inu musatero. Yambani ndi zimene sizifuna sipanala.

Onani ngati kacingwe kofiira kozimitsira injini kali m'malo mwace, ndiponso ngati giya siri yolowa. Onani kasikuluu ka mpweya pa cibvundikiro ca thanki. Kakakhala kotseka, injini imalira kanthawi nizima, cifukwa petulo sangaturuke m'thanki mosalowa mpweya. Finyani kampira kopopera ka pa paipi kufikira katalimba. Kali ndi mubvi wolembedwapo, ndipo mubviwo uyenera kuloza ku injini. Kakakana kulimba, paipi yang'ambika penapace kapena m'thanki mulibe kanthu.

Zikakhala bwino zonsezi, thirani petulo pang'ono wocokera pansi pa thanki mu botolo loonekera m'kati, ndi kuliimika. Madzi ngolemera koposa petulo, ndipo adzakhala pansi, mzere wace uli kuoneka bwino. Petulo wogula m'zigubu pa dooko, kutali ndi tauni, ndiye amabwera ndi madzi ndi zinyalala kawirikawiri. Mukapeza madzi, khuthulani thanki, tsukani kasefa ka petulo, ndipo masulani kasikuluu ka pansi pa kabuleta kuti zimene ziri m'menemo zituruke. Petulo wogonera miyezi m'kabuleta amauma nasiya utomoni umene umatseka timabowo tace. Cifukwa cace posunga injini nthawi yaitali, monga pa miyezi imene boma latseka usodzi, cotsani paipi injini iri kulira, kuti imalize yokha petulo wotsala.

Kenaka masulani pulagi, pakuti pulagi ndiye mboni ya zocitika m'kati. Nsonga yace ikakhala yofiirira ngati mtedza wokazinga, injini iri bwino. Ikakhala yakuda ndi yonyowa, oilo wacuruka kapena mwakoka choki nthawi yaitali. Iumitseni, kokani cingwe kangapo pulagi asanabwerere, ndipo yesaninso choki ali wotsegula. Ikakhala yoyera mbuu, injini iri kutentha kopambana. Koma mukapeza pulagi mmodzi woyera ngati wotsukidwa, kapena ali ndi timadontho ta madzi, pamene mnzace ali wofiirira, madzi ali kulowa m'silinda. Imeneyo ndi nthenda ya injini zodyedwa ndi mcere, ndipo ifuna makaniko.

Poyesa moto, bwezani pulagi pa waya wace, gonekani thupi lace pa citsulo ca injini kutali ndi bowo lace, ndipo wina akoke cingwe. Moto wabwino ngwobiriwira ndi wothetheka. Pukutani petulo yense wotayika musanayese, ndipo gwirani pa mpira pokha. Moto ukasowa, yesani pulagi wina watsopano. Ukasowabe, yang'anani pamene mawaya alumikizana, pakuti mcere umasiyapo dzimbiri lobiriwira limene limatseka njira ya magetsi. Lipaleni, ndi kupakapo girizi pang'ono.

Za oilo tinenepo mau awiri. Injini zambiri za asodzi, monga Yamaha Enduro, nzimene oilo wace amasanganizidwa ndi petulo. Zambiri zimafuna gawo limodzi la oilo pa magawo 50 a petulo, ndiko kuti mamililita 400 pa cigubu ca malita 20, koma buku la injini yanu ndilo liri ndi mau otsiriza. Oilo wace akhale wa injini za m'madzi, wolembedwa TC-W3, osati wa galimoto. Mudzakomana ndi akulu ena okuuzani kuti muthire oilo wambiri. Sali kunama, adaphunzira pa injini zakale za British Seagull, zimene zinkafuna gawo limodzi pa magawo 10. Muwalemekeze, koma muyeso wao musautsate pa injini ya masiku ano.

Kamtsinje ka kumbuyo

Injini ikalira, cinthu coyamba kuyang'ana si kutsogolo ai, koma kumbuyo. Pansi pa mutu wa injini pali kabowo kamene kamaturutsa madzi ngati kamtsinje. Kamtsinje kameneka ndi umboni wakuti madzi ozizira ali kuyenda m'kati. Mwana amene muli naye m'bwato mumphunzitse kukayang'ana nthawi zonse.

Kakaleka, kapena kakayamba kudontha, zimitsani injini pomwepo. Musati, "Tifike kaye kutsidya." Mphindi zowerengeka zikwanira kuti pisitoni itupe ndi kumatirira m'silinda, ndipo kukonza kwace kungadye zokolola za caka cathunthu. Tukulani mwendo, cotsani ndere, udzu kapena pepala la pulasitiki pa timazenera tolowera madzi. Pisani kabowo kaja ndi cingwe colimba ca mbedza, pakuti nthawi zina ndi mcere, mcenga kapena dothi la mabvu limene latseka pakamwa pokha. Lizani injini kanthawi kocepa. Madzi akapanda kubwera, tengani nkhafi.

Bvuto likakhala lozama, liri pa malo awiri. Oyamba ndi kagudumu ka mpira kokhala ndi mapiko, kamene amakaniko amakacha impela, kali m'kati mwa mwendo. Ndiko kamapopa madzi. Madzi omwewo ndiwo amakafewetsa, cotero mukaliza injini pamtunda popanda madzi, ngakhale kanthawi kakang'ono kofuna kuonetsa alendo, mapiko ace amapsa. Mcenga wa m'madzi osaya umakaperesanso. Kasintheni caka ndi caka ngati injini igwira nchito masiku onse. Mapiko akapezeka oduka, funani zidutswa zace zonse, cifukwa cotsala cidzakwera ndi madzi nicitseka njira m'mwamba.

Malo aciwiri ndi kacitseko ka pa mutu wa injini kochedwa thermostat, kamene kamatseguka injini ikafunda. Mcere umakagwira kuti kasatseguke. Kabviikeni mu viniga usiku umodzi, ndipo kayeseni m'madzi otentha. Kakatseguka muli kuona, nkamoyo. Ena amakataya, nati injini iziyenda yozizira. Injini yozizira kopitirira siitentha bwino petulo, imadetsa mapulagi ndi kudzaza mwaye m'kati.

Mankhwala a mcere ndi madzi abwino. Dzazani mgolo kufikira madzi atamiza timazenera ndi cipsepse cathyathyathya ca pamwamba pa pulopera, ndipo lizani injini pang'onopang'ono mphindi zisanu kapena khumi, giya isanalowe. Pa madzi a mcere citani zimenezi pa ulendo uli wonse. Mukatha, iimikeni ciriri kuti madzi atsike onse. Poinyamula, mwendo usakwere kupambana mutu, cifukwa madzi otsala angabwerere ndi kulowa m'silinda.

Mwendo ndi pulopera

Injini ikakuwa kwambiri koma bwato osayenda, kapini kogwira pulopera kathyoka. Kadapangidwa dala kofooka, kuti mukagunda mwala kapena citsa kathyoke ndiko, magiya napulumuka. Wolowetsa msomali m'malo mwace adzathyola magiya tsiku lina. Injini zina ziribe kapini, koma ziri ndi mpira m'kati mwa pulopera, ndipo mpirawo ukatha umaterereka. Lembani mzere wa utoto kucokera pakati kufika kunja, yendani pang'ono, ndipo mukaona mzere wasiyana, pulopera ifuna kusintha.

Mwezi uli wonse cotsani pulopera ndi kuyang'ana kuseri kwace. Ulusi wa ukonde umakulungika pamenepo, nudula kampira kotsekera oilo wa magiya. Masulani kasikuluu ka pansi pa mwendo: oilo akaturuka woyera ngati mkaka, madzi alowa. Pothira watsopano, mulowetse pa bowo la pansi kufikira aturukire pa bowo la pamwamba, ndipo mutseke la pamwamba poyamba. Pakani girizi pa mtanda musanabweze pulopera, kuti mcere ungaimatirire.

Injini ikagwera m'madzi, mdani wace ndi mpweya. Dzimbiri limayamba m'kati pamene mwaibvuula, makamaka ngati madziwo ngamcere. Itsukeni ndi madzi abwino, masulani mapulagi, khuthulani kabuleta, zunguzani injini pang'onopang'ono ndi dzanja kuti madzi aturuke, thirani oilo m'mabowo a mapulagi, ndipo muilize tsiku lomwelo kufikira itafunda bwino. Ikalimba pozunguza, kapena mukamva mcenga m'kati, musaikakamize. Makaniko akakhala kutali, nkwabwino kuimiza mu mgolo wa madzi abwino kufikira atafika, koposa kuiyanika padzuwa.

Uthenga wopita ku Ndeke

Tsono mbale wanu akakuuzani kuti wapeza injini yochipa, mumlembere zinthu izi asanapereke ndalama. Afunse za zipangizo zace: injini za Evinrude, dzina limene lidayamba ndi Ole Evinrude ku Milwaukee mu 1909, zidaleka kupangidwa mu 2020, ndipo za British Seagull zidaleka mu 1996. Injini yabwino yosowa kagudumu kace ka mpira idzakhala pa khonde miyezi. Abvundukule mutu ndi kuyang'ana ufa woyera pa mabauti. Ayese kumasula bauti imodzi ya pa thermostat, nasuzumire m'kati ngati muli mcere wouma. Wogulitsa akakana, pali cimene acidziwa. Akoke cingwe pang'onopang'ono, amve ngati cilimba mofanana pa silinda iri yonse. Aone oilo wa magiya. Ndipo aione iri kulira mu mgolo, itayamba iri yozizira, kwa mphindi khumi ndi zisanu, dzanja lace liri pa kamtsinje ka kumbuyo. Madziwo ayenera kukhala ofunda, osati otentha kuti dzanja lithawe.