Kambendera kachikasu pa doko

Sitima yapamadzi ikamayandikira doko, isanatsitse munthu kapena katundu, imakweza kambendera kachikasu. Tanthauzo lake n'lakuti m'sitimamo mulibe matenda, ndipo ikupempha chilolezo chokocheza. Kaputeni amadzaza fomu yonena ngati wina wamwalira paulendo, kapena ngati alipo wotentha thupi ndi wotsegula m'mimba. Azaumoyo a padoko amaonanso chiphaso cha ukhondo wa sitimayo, chomwe chimagwira ntchito miyezi 6, n'kufufuza ngati muli makoswe.

Ophunzira anga amati izi n'za eni nyanja zamchere. Amaiwala kuti feteleza ndi mafuta athu zimadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo madalaivala okatenga katunduyo ndi abale athu.

Chofooka cha fomu ija n'chakuti imangonena za odwala amene aonekera kale. Mu September 1918, sitima ziwiri, Jaroslav ndi Veronej, zidafika ku Cape Town zitanyamula anthu akuda amene ankagwira ntchito kunkhondo ku Ulaya. Panjira zidaima ku Freetown, komwe fuluwenza idali itabuka. Odwala adawagoneka m'chipatala. Enawo adangowasunga pakampu masiku owerengeka, ndipo poona kuti akuoneka athanzi, adawakweza sitima zapamtunda kuti azipita kwawo. Matenda adatsata njanji, siteshoni ndi siteshoni. Pamasabata 6 okha anthu pafupifupi 300,000 adamwalira ku South Africa, ndipo chaka chisanathe mliriwo udali utafika kuno ku Nyasaland.

Ndiye kodi tizingowatsekera m'sitima momwemo? Dziko la Japan lidayesa mu February 2020. Sitima ya Diamond Princess idafika ku Yokohama ndi anthu 3,711, zitadziwika kuti munthu wina amene adatsikira ku Hong Kong adapezeka ndi Covid-19. Akuluakulu adalamula kuti apaulendo abindikire m'zipinda zawo masiku 14. Pomaliza, anthu 712 adapezeka ndi kachilomboka.

Kwa ine, kumeneko sikudali kubindikiritsa ayi, kudali kusonkhanitsa odwala ndi athanzi m'khola limodzi. Apaulendo adatsekeredwa, koma antchito a m'sitimamo ankaphikabe, kugawa chakudya khomo ndi khomo, usiku n'kukagona awiriawiri m'tizipinda topanikiza.