Musanataye modemu, yezani magetsi

Mawu amene andikola pa ntchito yanga ya zamagetsi ndi akuti "zipangizo za masiku ano n'zafeki." Mwezi wathawu ndawamvanso kwa mnyamata wina wa pakoleji, amene akupanga kachipangizo kotumiza SMS pa foni ya mlimi thanki ya madzi ikadzaza. Analumikiza Arduino Uno ku modemu ya SIM800L, zitakana anataya modemuyo n'kugula ina. Nayonso inakana. Zinandipweteka, chifukwa ndalama ya makolo ake inkangopita pomwe modemu zonsezo zinalibe vuto.

Vuto ndi magetsi, ndipo sinditopa kunena zimenezi. SIM800L imafuna mavolti a pakati pa 3.4 ndi 4.4. Ikakhala phee imadya pang'ono kwambiri, kanyali kake kamaphethira, munthu n'kumati zonse zili bwino. Koma netiweki ya 2G imagawa nthawi m'tizigawo 8, ndipo foni iliyonse imalankhula m'kagawo kake kokha, kosakwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. M'kanthawi kameneko modemu imatha kukoka ma amp 2 nthawi imodzi. Kabowo ka mavolti 3.3 ka pa Uno kamapereka ma milliamp 50 basi, pomwe USB wamba ya kompyuta imalekezera pa 500. Ndiye modemu ikangoti iitane nsanja ya netiweki, mavolti amagwa, iyo imazima n'kuyambiranso, kenako kuzimanso. Kuli ngati kumangirira ngolo yodzaza chimanga pa mbuzi n'kumadandaula kuti ngoloyo ndi yoipa. Onani kanyali kaja: kakamaphethira pafupifupi sekondi iliyonse ndiye kuti modemu sinalowe pa netiweki, ikalowa kamadikira masekondi 3.

Anthu amaopa kwambiri mbali ya serial, koma kunena zoona imeneyi ndiye yophweka. Serial ndi kutumizirana uthenga kachidutswa kamodzi kamodzi pa waya. Pamafunika mawaya atatu: TX wotumiza, RX wolandira, ndi GND. TX wa Arduino apite ku RX wa modemu, RX apite ku TX. GND wa mbali zonse alumikizane, apo ayi chipangizo chilichonse chimayeza mavolti poyambira pakepake ndipo sizimvana. Zigwirizanenso pa baud rate, kutanthauza liwiro lolankhulirana. Ine ndimayambira pa 9600. Mukaona zilembo zosamveka pa kompyuta, kaikirani liwiroli poyamba. Chinanso, Uno imalankhula pa mavolti 5 pomwe makutu a modemuyi anapangidwira pafupifupi 2.8, choncho ikani ma resistor awiri otsitsa mphamvu pa waya wopita ku RX wake.

Chilankhulo cha modemu n'chakale, chinayamba ndi kampani ya Hayes ya ku America mu 1981. Mukalemba AT, modemu yamoyo imayankha OK. AT+CSQ imakuuzani mphamvu ya netiweki kuyambira 0 mpaka 31, ndipo 99 ndiye kuti siikumva kanthu. Ndimakhumudwa ndikaona ophunzira akukopera pulogalamu yaitali pa intaneti asanalembe zilembo ziwiri za AT ndi manja awo.

Nanga mutani? Ipatseni modemu batire yakeyake, ya 18650 yotchaja bwino imakwanira nthawi zambiri. Mawaya a magetsi akhale aafupi ndi onenepa, osati tija toonda ta pa breadboard. Kapasita ya ma microfarad 1,000 pafupi ndi modemu imathandiza, ngakhale siingalowe m'malo mwa batire yabwino. Simu khadi ikhale yolembetsedwa, yopanda PIN, ndiponso yokhala ndi mayunitsi. Zafeki zilikodi pamsika, sindikukana, koma muzinene mutayeza mavolti modemu ikutumiza uthenga. Ndipo ngati chipangizocho chikakhale kumunda zaka zambiri, ganizirani modemu ya 4G, chifukwa SIM800L imadziwa 2G yokha ndipo m'maiko ena netiweki imeneyi anaitseka kale.