Luso la Kupala M'mphepete mwa Chitsulo

Munthu woyenda pa msewu wa M6, umene udutsa pa boma la Mwanza kunka ku Zobue ndi ku Tete, akaima pang'ono pambali pa amisiri owotcherera zitsulo, amene madalaivala a mathiraki odikira pachipata cha m'malire amawatulira zothyoka zawo, adzaona chinthu chimene ambiri sachisamala: mmisiri weniweni asanayatse moto, amayamba wapala m'mphepete mwa zitsulo ziwiri zimene afuna kulumikiza mopendeketsa, chilichonse madigiri ngati 30, kuti zikakumana zisiye kangalande kamene chitsulo chosungunuka chidzalowamo kufikira pansi.

Ku mafakitale a ku Johannesburg ntchito yotere amaipatsa makina a CNC, olamulidwa ndi kompyuta, koma ngakhale kumeneko munthu ndiye ayamba kuwerengera. Mpeni wa makinawo ukakhala wosongoka madigiri 90, mbali yake ipendekeka madigiri 45, ndipo kuzama kwake kulingana ndi kukula kwa popalapo: wofuna kupala mamilimita 2 atsitse mpeniwo mamilimita 2. Komatu nsonga yeniyeniyo siidula bwino, pakuti pakati pa chinthu chozungulira palibe liwiro. Chifukwa chake wochenjera autsitsa mamilimita 3, nausendeza kunja milimita imodzi, kuti udule ndi mbali yake yolimba. Masamu omwewa mmisiri wa ku Mwanza ali nawo m'diso ndi m'dzanja, angakhale sanawalembepo papepala, monganso kalipentala wopendeketsa puleni yake pachitseko cha mlombwa.

Chondiwawa mtima nchakuti lusoli likutha, ndipo chikulitha ndi umphawi. Madandaulo ake ali pakamwa pa amisiri onse: wina ati disiki yopalira yakwera mtengo, wina ati magetsi akabwera uyenera kuthamangitsa ntchito asanazimenso, winanso ati dalaivala afuna zotchipa ndi zachangu, pakuti mapepala ake atuluka. Potero anyamata ongophunzira amangomata pamwamba, napaka penti, ndipo chitsulocho chikathyokanso pazitunda za ku Zobue. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Nanga mwana wanjala adekha bwanji?

Bungwe la TEVETA loona za maphunziro a ntchito zamanja, limene lidakhazikitsidwa mu 1999, liwafikire anyamatawa ndi masamu ochepawa. Inunso amene mupereka chitsulo chanu kwa mmisiri, muumirire kuti ayambe wapala, ndipo mumlipire nthawi yake mosanyinyirika.